Masiku anayi m'nkhalango ya Brown County ndi amayi

Lachinayi usiku, South Bend

Katundu yense ali pabalaza, matenti awiri obwereka, mabulangete onse a m'nyumba muno, poto wa nsima, ufa, mthiko umene amayi anabwera nawo mu chikwama kuchokera ku Blantyre, ndi kabokosi ka ayezi kosungira nkhuku. Mawa tikupita ku Brown County State Park, paki ya nkhalango kummwera kwa Indiana kuno ku America. Malo ogona ndinasungitsa pa intaneti miyezi ingapo yapitayo chifukwa anzanga kuntchito anandichenjeza kuti mu October kumadzaza, aliyense amafuna kukaona masamba akusintha mtundu.

Amayi akhala nafe miyezi itatu tsopano ndipo kupatula ku tchalitchi ndi ku sitolo sanapite kulikonse, ine ndi bambo a kunyumba kuno timangosinthana mashifiti, ndiye zimandiwawa kuti adzabwerera kumudzi atangoona makoma. Nditawauza za ulendowu anandiyang'ana nthawi yaitali nkufunsa kuti, "Iwe, tisiye nyumba yofunda tikagone panja, kuli maliro?" Anafunsa mochokera pansi pa mtima ndithu, chifukwa kwathu munthu wamkulu amagona panja pa zovuta basi.

Za matenti awiriwo musadabwe. Apongozi ndi mkamwini sangagone tenti imodzi, nkhani imeneyo sitinakambirane nkomwe. Amayi agona ndi mdzukulu wawo, kamtsikana kanga ka zaka 7, kamene sikakugona pano chifukwa cha chisangalalo.

Lachisanu masana, pa msewu

Tinanyamuka cha m'ma 9, mochedwa, chifukwa ndinatuluka ntchito usiku ndipo thupi limakana. Msewu wa US 31 umangolunjika kummwera, Plymouth, Rochester, Kokomo, dziko lathyathyathya ngati mphasa, mbali zonse minda ya chimanga chouma ndi soya, zimakina zokolola zikutulutsa fumbi. Amayi maso anali pa windo njira yonse. Anafunsa kuti chimanga chonsechi akudya ndani, bambo a mwana nkuwauza kuti chambiri chimapita ku ziweto ndi kopanga mafuta a galimoto, iwo anangoti "hmm" nkukhala chete mpaka Kokomo. Kumeneko tinathira petulo ndi kudya mazira owiritsa ndi buledi wathu wa kunyumba pa malo oimika magalimoto.

Indianapolis tinaizungulira pa 465, pamenepo ndimaopa nthawi zonse, zimathiraki zimakupanikiza mbali zonse ndipo ukaphonya potulukira wapita. Kenako I-65 mpaka Columbus, nkukhota kulowa msewu wa 46 chakumadzulo, ndipo mphindi zochepa chabe dziko linasintha, zitunda zinayamba, msewu nkumapindika, mitengo yofiira, yachikasu, ina ngati moto. Tinadutsa kamudzi kotchedwa Gnaw Bone, nditamasulira kuti ndi kukukuta fupa amayi anaseka koyamba tsiku lonse, akuti dzina limenelo ndi la mudzi wa njala.

Lachisanu madzulo, mu paki

Tinalowera geti la kumpoto. Usanafike pa geti umadutsa mlatho wamatabwa wofolera ngati nyumba, wa njira ziwiri, Ramp Creek Covered Bridge. Unamangidwa mu 1838 kudera lina la Putnam County ndipo anachita kuusamutsira kuno mu 1932. Magalimoto aatali ndi olemera saloledwa, iwo amazungulira ku geti la kumadzulo. Matabwa ankalira pansi pa matayala ndipo amayi anagwira mpando, ine ndinapuma titatuluka.

Pa geti tinalipira madola 7 galimoto yonse, poti namba yake ndi ya Indiana, a kunja kwa Indiana amalipira zoposa. Anatipatsa mapu a pepala, mwayi wake, chifukwa netiweki mkatimu imabwera nkumapita. Pakiyi ndi yaikulu kuposa onse mu Indiana, maekala pafupifupi 16,000, ndiye kuchoka pa geti kukafika kogona ndi kaulendo ndithu, msewu wa tara wokwera ndi kutsika.

Malo athu ndi kabwalo kokonzedwa bwino, pali tebulo la matabwa lokhala ndi mabenchi, chitsulo chozungulira chosonkhapo moto chokhala ndi waya wowotchera nyama, ndi kamtengo ka magetsi. Mpopi wa madzi uli pafupi, nyumba ya zimbudzi ndi mashawa a madzi otentha ili kamtunda ka mphindi zitatu. Amayi anapita kukaiona okha asanavomere kukhala pansi, anabwera nkunena kuti ndi yaukhondo, pamenepo ndinadziwa kuti tigona.

Tenti yachiwiri inativuta, tinayesa mbali zonse dzuwa likulowa, kamwana kayamba kulira ndi kuzizira. Pafupi nafe pali achikulire awiri, bambo ndi mayi, ali ndi galimoto lija lokhala ngati nyumba. Bamboyo anatiyang'ana kwa kanthawi kenako anabwera ndi hamala ndi tochi, sanalankhule zambiri, mphindi khumi tenti yaima. Mkazi wawo anabweretsa kahita kakang'ono ka magetsi ndi chingwe chachitali akuti ndi ka agogo, tidzabweze tsiku lochoka. Sanatifunse nkomwe maina.

Nkhani ya nkhuni ndiyo yawazunguza amayi. Tili pakati pa nkhalango, nthambi zouma zili mbwee paliponse, koma kutola nkoletsedwa, umagula mtolo ku kasitolo ka mu paki, ndipo kamtolo kake munthu unganyamule ndi dzanja limodzi. Kubwera ndi nkhuni za makungwa kuchokera kwanu nakonso saloleza pokhapokha zili ndi chidindo. Bambo aja anatifotokozera kuti kuli kachirombo kobiriwira kotchedwa emerald ash borer, kanachokera ku Asia, anakapeza cha ku Detroit mu 2002, kapha mitengo ya ash mamiliyoni, ndipo kamayenda ndi nkhuni zimene anthu amanyamula. Zouma za pansizo akuti zisiyeni ziwole zidyetse nthaka. Amayi atamva anati, "Ndiye kuti mtengo kuno umafa imfa yakeyake." Tinagula mitolo itatu, ndalama inandiwawa, koma moto unayaka.

Loweruka m'bandakucha

Sindinagone bwino. Kuzizira kumachokera pansi, kumalowa m'mafupa ngakhale uli ndi mabulangete atatu. Cha m'ma 1 kadzidzi anayamba kulira pamwamba penipeni pa ife, wina nkumayankha kutsidya, ndipo ndikuuzeni zoona, ndakhala kuno zaka zambiri, ndimagwira ntchito ndi odwala, koma mtima unagunda ngati ndili mwana ku Chilobwe. Ndinamva amayi akupemphera motsitsa mu tenti yawo. Ndinawaitana kuti amayi muli bwino, iwo anati gona mwanawe, ameneyo ali kwawo, alendo ndife.

Kenako phokoso pa tebulo. Bambo a mwana anawalitsa tochi, tinyama tiwiri ta mchira wa mizeremizere ndi kumaso ngati tavala magalasi akuda, ma raccoon, tatsegula jumbo ya buledi ndi timanja tawo ngati anthu. Tinyamato sitinathawe nkomwe, tinangotiyang'ana ife. Buledi yense wapita. Mmawa uno ndaona pa chikwangwani kuti chakudya chizigona m'galimoto, dzulo ndi kutopa sindinawerenge.

Loweruka masana, Ogle Lake ndi Nature Center

Titamwa tiyi tinapita ku Ogle Lake, kanyanja kochita kutchinga, ndipo pali kanjira kozungulira, Trail 7, pafupifupi makilomita awiri ndi theka. Ndimaopa kuti amayi ndi mawondo awo sakwanitsa koma malo otsetsereka anaikamo masitepe a matabwa, pa timitsinje pali timilatho, ndipo mabenchi umawapeza pamene wayamba kuwafuna. Tinayenda pang'onopang'ono, maola awiri. Madzi anali zii, mitengo yonse ikuoneka kawiri, kumwamba ndi m'madzi. Anthu ena amawedza, kusambira saloleza. Tinakumana ndi mayi wina akukankha mwamuna wake pa njinga ya olumala pafupi ndi pochingira madzi, ndi anyamata a njinga za m'mapiri odzaza matope, pakiyi ili ndi njira zawozawo za njinga komanso zina za akavalo kuti anthu asamagundane.

Agwape atatu anadutsa kutsogolo kwathu osathamanga. Amayi anaima nji. Akuti komaliza kuona gwape wamoyo anali mtsikana.

Ku Nature Center ndi kumene tsiku linatembenukira. Ndi kanyumba kophunzitsira, kulowa ulere, muli windo lalikulu loonera mbalame zikudya, ndi njoka zamoyo m'magalasi, ina ndi timber rattlesnake ija ya chisekese kumchira, imene imapezeka m'mapiri omwewa. Amayi anakana kuyandikira, mdzukulu wawo mphuno pa galasi. Ndiye ine ndinafunsa mtsikana wogwira ntchito pamenepo kuti nkhalangoyi ndi yakale bwanji, ndikuganiza kuti anena zaka masauzande. Iye anati ayi, yambiri ndi yomeranso. M'zaka za m'ma 1800 anthu anadula pafupifupi zonse, matabwa, mitengo ya njanji, makungwa ofufutira zikopa, nkuyamba kulima m'zitundamo. Dothi lake ndi lopyapyala, mvula inakokolola, minda inasanduka zigwembe, anthu anasauka nkuyamba kusamuka. Boma la Indiana linayamba kugula malowo m'ma 1920, poyamba ngati malo osungira nyama, paki nkutsegulidwa mu 1929. Kenako nthawi ya umphawi waukulu wa m'ma 1930, boma la pulezidenti Roosevelt linalemba ntchito amuna osowa ntchito mu gulu la Civilian Conservation Corps, iwowo ndi amene anadzala mitengo m'malo okokoloka, kukonza misewu ndi tinjira, ndi kumanga zisakasa za miyala ndi mitengo zimene anthu akudyeramo mpaka lero.

Ndinkamasulira amayi chiganizo ndi chiganizo. Pamene ndinafika pa zigwembe anandigwira mkono nati ndifunsenso, mwina sindinamve bwino, phiri limeneli linali lambee? Mtsikanayo anati eya, malo ambiri. Amayi sanayankhe. Tinatuluka, anakhala pa benchi panja, ndipo anayamba kutchula okha, Ndirande mmene inalili ndi mitengo isanathe m'ma 1990, Soche, Michiru amene akutha panopa ndi makala. Kwathu ndi ku Chilobwe, m'munsi mwa Soche. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atabwera, matope ndi miyala zinatsika phiri lija, nyumba ya amayi inatsala koma anthu amene tinkapempherana nawo mchere ena sanapezeke mpaka lero. Chibwerereni kuno sanayambe ayikambapo nkhani imeneyi. Lero anakamba, maina onse, ine ndikulira pa benchi anthu akudutsa ndi agalu awo.

Atamaliza anapukuta kumaso ndi chitenje nati, "Zaka 90 si zambiri. Agogo ako anafika 90."

Loweruka usiku

Madzulo tinapita ku nsanja yachitsulo yoonera moto wolusa pa Weed Patch Hill, yaitali mafiti 90. Bambo a mwana ndi mwana anakwera, ine ndinafika pakati miyendo nkuyamba kunjenjemera chifukwa masitepe ake umaona pansi ndipo mphepo imaigwedeza, ndinatsika nkukhala ndi amayi.

Nsima anaphika amayi, pa chitsulo chija, anakana kuti ndiwathandize. Anasanja miyala itatu mkati mwake ngati mafuwa chifukwa waya unali patali ndi moto. Ndiwo nkhuku yowotcha ndi masamba a collard otendera, chiponde cha m'botolo chimagwira ntchito bwinobwino. Anandituma kukaitana achikulire aja, akuti munthu wakubwereka moto sungadye iye akuona. Anabwera ndi mipando yawo. Amayi anawathirira madzi osamba m'manja, bamboyo anadabwa koma anatambasula manja, ndipo anadya ndi manja mitanda iwiri. Anatiuza kuti akhala akubwera mu paki muno chaka chilichonse kuyambira ali achinyamata, ana awo anaphunzirira kupalasa njinga pompano, ndipo amagula chiphaso cha chaka chonse cholowera mapaki onse a Indiana. Mayiyo anaphunzitsa mwana wanga kuwotcha timaswiti tofewa toyera tija pa kamtengo nkutipana pakati pa mabisiketi ndi chokoleti. Amayi analawa nati shuga wachuluka, koma anamaliza.

Iwo Chingerezi chawo nchochepa, mayi uja Chichewa sadziwa ngakhale moni, koma anakhala moyandikana mpaka moto kuzima, akuonetsana zithunzi za adzukulu pa foni.

Lamulungu, mvula

Tinadzuka kukuwaza. Tenti yathu inalowa madzi pakona, masokosi onse anyowa, ndipo ndinatsala pang'ono kunena kuti tipakire tizipita. Amayi ndi amene anakana, akuti talipira mpaka mawa.

Tinathawira ku Abe Martin Lodge, nyumba ya alendo ya mu paki momwemo, yomangidwa mu 1932 ndi miyala ndi mitengo ya komweko. Dzinalo si la munthu weniweni, ndi la munthu wa m'makatuni a nyuzipepala amene Kin Hubbard ankajambula, mlimi wa ku Brown County wokamba nthabwala. Muli zipinda zogona, tinyumba tapadera m'mitengo, malo odyera, ndi dziwe losambira la mkati lokhala ndi kotsetserekera ana, limene mwana wanga analiona pa windo nkuyamba kundikoka. Ndinamulonjeza ulendo wina, mtengo wa chipinda mwezi uno si wa thumba langa. Chimene ndinakonda nchakuti palibe anatifunsa kuti mukugona kuno kapena ayi, tinakhala pa mipando pafupi ndi moto ola lathunthu tikuuma, tagula khofi awiri ndi tiyi basi.

Mvula itadukiza tinatsikira ku Nashville, osati ya ku Tennessee ija, iyi ndi katauni kakang'ono kunja kwa geti, kodziwika ndi ojambula zithunzi kuyambira pamene wojambula wina dzina lake T. C. Steele anadzakhazikika m'derali mu 1907. Anthu anali pikitipikiti, poimika galimoto kulipira, masitolo ambiri ndi a zinthu zokongoletsa m'nyumba zimene sitikanagula. Sitinakhalitse. Koma tinadya mabisiketi awo okazinga opaka apple butter, chopaka cha maapozi chonga jamu, amayi ataluma anati awa ndi mandasi, angosowa kukula.

Pobwerera tinaima ku khola la akavalo la mu paki. Akuluakulu amakwera nkulowa m'nkhalango ndi wowatsogolera, ana aang'ono amawakweza pa kakavalo kakafupi wina atagwira chingwe. Mwana wanga anakwera, nkhope yonse mano, agogo ake akuyenda m'mbali mwa mpanda nkumakuwa kuti gwiritsa, gwiritsa.

Lamulungu madzulo, Hesitation Point

Apa ndi poimika magalimoto m'mphepete mwa phiri pamene umaona kutali. Titafika mitambo inali ikutseguka, nkhungu ikukwera kuchokera m'zigwa, zitunda zitandandana mpaka kumene maso athera, zonse mitengo, osaona denga ngakhale limodzi. Nchifukwa chake derali amalitcha Little Smokies, polifanizira ndi mapiri akuluakulu a nkhungu otchedwa Great Smoky Mountains. Zinandikumbutsa Emperor's View pa Zomba, ulendo wa sukulu ndili Form 2, tsiku limene ndinadziwa koyamba kuti munthu angakwere phiri popanda chokatenga.

Ndakhala ndikuganiza zimenezi usiku uno. Kwathu kuphiri timapita kukatola nkhuni, kukapemphera, kapena kuperekeza alendo akunja. Kuno ndaona plumber, anamwino, agogo a ndodo, mabanja a ana asanu, anthu wamba ngati ife, ndipo chowabweretsa si kukongola kokha, ndi chimbudzi choyera, mpopi, benchi, kanjira kosakutayitsa, ndi mtengo wa pa geti woti galimoto yonse ikulipira ndalama yosakwana ola limodzi la ntchito. Bambo aja dzulo ananena kuti wina atafuna kudula nkhalangoyi angayambe wadutsa pa iwo. Ndinawakhulupirira, ana awo anakulira momwemu.

Amayi anaima pa mpanda nthawi yaitali chitenje chili pamwamba pa jekete. Mnyamata wina anadzipereka kutijambula tonse anayi, ndipo ndi chithunzi choyamba chimene tili nacho cha amayi ndi mkamwini wawo ataima pamodzi, mwana ali pakati.

Lolemba, kubwerera

Usiku wathawu ndinagona tulo tenitweni, kadzidzi analira koma ndinangotembenuka. Mmawa tinapinda matenti onyowa, tikayanika ku South Bend. Amayi anasesa pabwalo ponse ndi kanthambi ngakhale ndinawauza kuti masamba agwanso, zinyalala tinakataya ku zimabini za potulukira. Kahita tinabweza pamodzi ndi ufa wotsala m'kajumbo, mayi uja anachita kupempha, ndipo amayi anamuonetsa ndi manja kavundulidwe kake. Anakumbatirana. Maina tinauzana pomaliza penipeni, galimoto italira kale.

Ndinamuyang'ana mwana m'mutu ndi kuseri kwa makutu ngati muli nkhupakupa, kuno zimafalitsa matenda ndipo amachenjeza pa zikwangwani, ndinapeza imodzi pa sokosi isanalume.

Tinatulukira geti la kumadzulo nkudzera msewu wa 135, Bean Blossom, Morgantown, Trafalgar, zitunda zikuchepa pang'onopang'ono mpaka chimanga chinayambiranso. Netiweki itabwera bwino amayi anapempha foni yanga nkutumiza voice note kwa amalume ku Blantyre, yaitali mphindi zisanu ndi imodzi. Sanakambe za nyanja kapena akavalo. Amafunsa mtengo wa mbande za mbawa ndi mthethe, ndi kuti nyengo yodzala mitengo ikamayamba pa 15 December iwo adzakhala atafika, ndiye amalume akalankhule ndi amfumu za kamalo kaja kumtunda kwa nyumba kumene madzi anang'amba. Amalume ayankha tili ku Kokomo, akuti mbuzi zidzadya. Amayi ajambulanso ina, akuti ndiye mugule ndi minga yomwe.

Tafika 6 koloko madzulo, zovala zonse zikununkha utsi, mawa shifiti yanga ikuyamba 6 mmawa.